Chitsulo cha agogo chomwe ndinakana kuti chikwere sikelo

Mwambo wa maliro a agogo aamuna utatha, abale anagawana katundu mosavuta mpaka tinafika pa chinthu chimodzi chomwe chinali kuseri kwa golosale yawo yakale ku Chilomoni. Chinali chitsulo chofiira chondilekeza m'phewa, chadzimbiri, cholembedwa Coca-Cola, ndipo nkhuku zinali zitachisandutsa poikira mazira. Malume anali atapangana kale ndi anyamata ogula zitsulo zakutha kuti adzachiyeze pa sikelo.

Ine ndinati ayi, ndichikonza. Malume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti: "Mphwanga, sukulu yako ndi yolemba nkhani. Ndakupatsa miyezi itatu, chikapanda kuzizira ndikuitana anyamata aja."

Sankanama. Sipanala ndinali ndisanaigwirepo chibadwire.

Nditapukuta kachitsulo kolembapo ka kumbuyo ndinapeza dzina loti Vendo. Iyi ndi kampani ya ku America yomwe inayamba mu 1937 mumzinda wa Kansas City, ndipo makina athuwa ndi omwe amatchedwa Vendo 39, oyamba kupangidwa mu 1949. Nambalayo ikuimira mabotolo 39 omwe amalowa m'chigudumu chozungulira cha m'kati. Munthu ankaponya kobiri, n'kutsitsa chogwirira, chigudumu n'kusuntha, botolo lozizira n'kufika pakakhomo. Wogulitsa panalibe. Agogo aakazi akuti amuna awo anawagula pa okushoni kwa mzungu wina yemwe ankabwerera kwawo, ndipo ankangowagwiritsa ntchito ngati filiji chifukwa matambala athu sankalowa.

Cholakwa changa choyamba chinachitika tsiku lomwelo, ndipo ndi chomwe aliyense wongoyamba kumene amachilakalaka: kulumikiza ku magetsi kuti ndione ngati akulira. Analiradi, kwa masekondi mwina asanu. Kenako kunamveka fungo la waya wopsa, nyumba yonse mdima bii.

Zomwe zinalembedwa pa kachitsulo komwe kaja, koma ine osazilabadira, n'zoti makinawa anapangidwira magetsi a ku America, a mavoti 110 mpaka 120. Athu kuno ndi 230. Agogo anali ndi thiransifoma yotsitsa mphamvu, yomwe inasowa kalekale. Komanso waya wa zaka 70 chikopa chake chimakhala chitauma, ukangochipinda chimayoyoka ngati chikhungwa cha nkhuni, ndipo makina a nthawi imeneyo ambiri analibe waya wopita kunthaka. Ndikanagwira chitseko pa nthawiyo, nkhaniyi bwenzi akulemba ena.

Apa m'pamene ndinadzichepetsa n'kupita kwa bambo wina wokonza mafiliji ku Ndirande. Atabwera sanafunse za penti. Anagwada, n'kununkhiza mota ya fani yomwe ndinaotcha, n'kupukusa mutu. "Achemwali, mwayi wanu ndi wakuti fyuzi inafulumira. Chinthu chakale timayamba tachifunsa, sitimangochilamula."

Kufunsako kunatenga milungu. Anandiuza kuti ndijambule pa foni chilichonse ndisanachimasule, ndipo masikuluwu ndiike m'timapepala tolemba komwe achokera. Ndinaona ngati n'zachibwana mpaka tsiku lomwe kasipuling'i kena kanatsala m'manja, osadziwa kwawo. Zithunzi zija n'zimene zinandipulumutsa.

Nkhani yaikulu inali ya gasi. Mafiliji a nthawi imeneyo ankayendera gasi wotchedwa R-12, yemwe anapezeka kuti amawononga mpweya wa ozone wotiteteza ku dzuwa. Pangano la ku Montreal la mu 1987 ndi lomwe linachititsa kuti maiko amusiye, ndipo maiko ongotukuka kumene ngati lathu anapatsidwa mpaka 2010. Sungangothiramo gasi wa masiku ano, chifukwa R-134a sagwirizana ndi mafuta a m'kompuresa yakale. Tinakambirana nthawi yaitali. Anthu osunga makina otere ku America amanyadira kuti chilichonse chikhale chenicheni cha pa nthawiyo. Ine ndili ndi malipiro a mtolankhani komanso malume owerenga masiku. Tinachotsa kompuresa yakale n'kuikamo ya mavoti 230 yochokera m'filiji ina, waya yense n'kukhala watsopano. Yakaleyo ndaisunga m'katoni, mwina mdzukulu wina adzakhala ndi ndalama kuposa ine.

Ntchito yanga yeniyeni inali dzimbiri. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkakhala ndi sandipepa, pakamwa nditatseka, pepalalo ndikulinyowetsa kuti fumbi lisauluke, chifukwa penti wakale nthawi zambiri amakhala ndi mtovu woopsa uja wotchedwa lead. Pansi panali patabooka, wowotcherera anaikapo chigamba. Zala zinatupa. Mnzanga wina kuntchito anandifunsa ngati ndayamba ganyu yoswa miyala.

Pa penti m'pomwe ndinakangana ndi aliyense. Onse ankafuna chiwale ngati chatsopano. Koma m'mbali mwake muli mizere yomwe agogo ankakanda ndi msomali powerenga ngongole za makasitomala, ina yodulidwa, ina yosadulidwa mpaka lero. Ndinapaka kumunsi kokha komwe kunadyeka, mbali ya ngongoleyo ndinangoitsuka n'kuipaka vanishi.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti miyezi itatu ikwane, makina anazizira. Ndinathamangira kokagula Fanta kuti ndiyese chigudumu, ndipo apa ndinaphunzira chomaliza. Timapanga take tinayezedwera mabotolo ang'onoang'ono a ku America a mamililita pafupifupi 190. Athu a 300 sakwana, chitseko sichitsekeka.

Malume atabwera Lamlungu, ndinawatulutsira botolo kuchokera pa kampata ka m'munsi, komwe kale ankaziziritsirako osungira. Anamwa theka osayankhula, akuyang'ana mizere ya m'mbali ija. Kenako analoza umodzi wosadulidwa n'kunena kuti umenewo ndi wawo, ya buledi ndi shuga, ndipo anafunsa ngati angalipire kwa ine kapena kwa agogo aakazi.