Mlandu wa Tiwonge Chimbalanga: Mafunso Atatu Amene Tidawamanga Mtolo Umodzi

Ku Kachulu, pa doko la Nyanja ya Chilwa, mwana wobadwa wamwamuna akayamba kuvala chitenje nanena kuti iye ndi mkazi, anthu amaitsiriza nkhaniyo ndi liwu limodzi: mathanyula. Liwulo laphonya, ndipo wansembe wolilandira osalifufuza adzaphonyanso polangiza makolo a mwanayo.

Tikumbuke mlandu umene udagwedeza Malaŵi. Pa 26 Disembala 2009, ku Chirimba mu Blantyre, Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza adachita chinkhoswe poyera. Adamangidwa, ndipo pa 20 Meyi 2010 woweruza Nyakwawa Usiwa-Usiwa adagamula kuti akhale m'ndende zaka 14. Pa 29 Meyi Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon. Nyuzi za kuno ndi za ku Ulaya zomwe zidalemba za amuna awiri ofuna kukwatirana. Koma Tiwonge ankaumirira kuti ndi mkazi. Omutsutsa ndi omuteteza adalephera pamodzi kumva chimene mwini wake ankanena, ndipo pambuyo pake iye adathawira ku Cape Town.

Tsono mafunso alipo atatu. Munthu adzimva kuti ndi yani? Mtima wake ukhumba yani? Nanga boma lilange chiyani? Lachiwirilo tilisiye lero.

Pa loyamba Eklezia sabisa mawu. Chikalata Dignitas Infinita cha 2024 chiphunzitsa kuti thupi ndi mphatso imene tilandira, ndipo chikana kusintha ziwalo. Munthu si mzimu wochita lendi m'thupi ngati mlendo m'nyumba. Ndiye thupi ndi mzimu pamodzi. Komabe mu 2023 Roma yemweyo adayankha episkopi wina wa ku Brazil kuti munthu wotere angathe kubatizidwa, malinga pasakhale chokhumudwitsa akhristu.

Lachitatu ndilo timaliopa. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti lamulo la anthu sililetsa choipa chilichonse, koma makamaka chimene chipweteka ena, chakuti mudzi sungakhazikike popanda kuchiletsa. Tchimo ndi mlandu wa ku khoti si chinthu chimodzi. Gawo 153 la malamulo a zilango, limene atsamunda adatisiyira, lidamanganso Jana Gonani wa ku Mangochi, wodzitcha mkazi, amene mu 2021 adalamulidwa zaka 8 natumizidwa ku ndende ya amuna. Iye atapempha khoti kuti liunike lamulolo, mu Julayi 2023 mipingo, ndi wathu womwe, idachita zionetsero. Pa 28 Juni 2024 khoti lidasiya lamulo monga lidaliri. Tidayenda m'misewu kuteteza ukwati, ndipo ukwati ndi woyenera kuutetezadi. Koma Dignitas Infinita yomwe ija itinso kuika munthu m'ndende chifukwa cha kumene mtima wake upendekera nkutsutsana ndi ulemu wake. Ndime imeneyi sitiiwerenga kawirikawiri pa guwa.

Mayi wa mwana wa ku Kachulu uja akafika ku parishi sadzafunsa za zikalata za ku Roma. Adzafunsa ngati apolisi abwera, ndi ngati mwana wake aloledwabe kulowa m'tchalitchi Lamulungu.