Kujambula pa kompyuta: zimene oyamba kumene angatengere kwa olemba zikwangwani a pa Phalula

BALAKA: Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre kudzera pa Zalewa amadutsa pa Phalula, m'boma la Balaka, lomwe lidapatuka ku boma la Machinga m'chaka cha 1998. Monga zilili pa malo ena a malonda m'dziko muno, makoma a magolosale, malo ometera tsitsi ndi malo odyera pamenepa ali ndi mayina ndi zithunzi zolembedwa pamanja ndi penti wa mafuta.

Ntchito yamtunduwu tsopano ikusamukira pa kompyuta. Nthambi za boma, mabungwe ndi anthu a malonda akumafuna zithunzi zoti zipite kosindikiza, ndipo achinyamata amene ali ndi luso la zojambula ayamba kuphunzira pa foni, pa tabuleti kapena pa kompyuta. Koma ambiri mwa oyamba kumenewa akukumana ndi vuto lomwe olemba zikwangwani adaligonjetsa kalekale, lomwe ndi kukhwatchakhwatcha mizere mazanamazana pa malo pomwe mizere khumi ikadakwanira.

Gwero la vutoli n'losavuta kulimvetsa. Wolemba chikwangwani amagula penti ndi ndalama zake, ndipo kutentha kwa ku Balaka sikulola kuti pentiyo achedwe pa burashi. Akalakwitsa chilembo pa khoma la mwini golosale, ayenera kudikira kuti chiume, apakepo wina, ndiye ayambirenso. N'chifukwa chake asanakhudze khoma amayamba wayesa ndi choko, n'kulingalira komwe burashi iyambire ndi komwe ikathere. Pa kompyuta penti satha, ndipo kulakwitsa kulikonse kumafufutika pongodina Ctrl ndi Z. Ufulu umenewu ndi umene umamulowetsa wophunzira m'chizolowezi chojambula asanaganize.

Zotsatira zake ndi zitatu. Chithunzi chomwe chikadatha m'maola awiri chimadya tsiku lonse, chinthu chomwe si chaching'ono kwa munthu amene amadalira batire ya foni kapena amene magetsi amamuthimira ntchito ili pakati. Mkono umayamba kuwawa. Choipa kwambiri n'chakuti chithunzicho chimaoneka chamatope, chifukwa mitundu yopakidwa mobwerezabwereza pamalo amodzi imasakanikirana mpaka mawonekedwe a chinthu amasowa.

Njira yoyamba yothetsera vutoli ndi kuyamba ndi burashi yaikulu kuposa imene mtima ukufuna. Munthu akamajambula mayi wonyamula ndowa pamutu, sayenera kuyamba ndi maso kapena maluwa a pa chitenje. Ayambe wapaka zigawo zikuluzikulu: thambo, nthaka, thupi la mayiyo ndi ndowa, chilichonse ndi mtundu umodzi. Burashi ichepe pokhapokha pamene yaikuluyo yalephera kunena zomwe zikufunika. M'mapulogalamu a Krita ndi Photoshop kukula kwa burashi kumasinthika podina mabatani a [ ndi ], choncho palibe chifukwa chokakamira burashi yaing'ono.

Chogwirizana ndi chimenechi ndi nkhani yoyandikitsa chithunzi pa sikirini. Wolemba chikwangwani amatsika pa makwerero n'kupita tsidya la msewu kukaona ngati dzina la golosale likuwerengeka kwa munthu wokwera minibasi. Wophunzira pa kompyuta amachita zosiyana: amakulitsa chithunzi mpaka diso limodzi lidzaze sikirini yonse, n'kuthera ola lathunthu pa nsidze zomwe palibe adzazione. Pepala la A4 lokonzekera kusindikizidwa pa 300 dpi limakhala ndi timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndipo munthu akhoza kusochera m'menemo tsiku lonse. Ndi bwino kugwira ntchito chithunzi chonse chikuoneka, n'kuyandikitsa kumapeto kokha.

Pa nkhani ya mitundu, wophunzira ayambe ndi yakuda, yoyera ndi yotuwa iwiri kapena itatu. Diso la munthu limazindikira chinthu poona pomwe pali kuwala ndi pomwe pali mthunzi, ndipo zimenezi zikalongosoka mitundu ina siivuta kuika. Anders Zorn, katswiri wa ku Sweden amene adamwalira m'chaka cha 1920, amakumbukiridwa mpaka lero kaamba ka zithunzi za anthu zomwe ankazijambula ndi mitundu inayi yokha: yoyera, yakuda, yachikasu ndi yofiira. Kwathu kuno umboni uli ku Chongoni m'boma la Dedza, komwe kuli malo 127 a zithunzi za pa miyala zomwe bungwe la UNESCO lidaziika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006. Zithunzi zoyera zomwe Achewa ankajambula kumeneko pa miyambo ya chinamwali ndi gule wamkulu zili ndi mtundu umodzi ndi mizere yochepa, komabe uthenga wake unkafika kwa amene unkawayenera.

Pali msampha wina umene achinyamata ambiri amagweramo. Pa intaneti pali maburashi zikwizikwi aulere, ena a udzu, ena a mitambo, ena a tsitsi, ndipo wophunzira amathera bandulo yake kuwatsitsa poganiza kuti luso lili m'menemo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Burashi imodzi yolimba m'mbali ndi ina yofewa n'zokwanira kwa miyezi yoyamba, chifukwa munthu amadziwa khalidwe la chida chake akachigwiritsa ntchito nthawi yaitali.

Kagwiridwe ka cholembera nakonso n'kofunika. Mzere wautali uchokere m'chigongono ndi m'phewa, osati m'zala, ndipo ndi bwino kuyendetsa dzanja m'malere kawiri kapena katatu musanakhudze sikirini. Mapulogalamu monga Krita ndi ibisPaint ali ndi mbali yowongola mzere pamene dzanja likunjenjemera. Imathandiza ndithu, makamaka kwa wojambula ndi chala pa foni, koma ikachuluka imachedwetsa burashi ndipo dzanja silikhwima.

Si kuti kufufuta n'kolakwika. John Singer Sargent, amene adatchuka ndi zithunzi zooneka ngati zojambulidwa mosavuta, ankapala penti pa nkhope yonse n'kuyambiranso ngati sizinamukhutiritse. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankachotsa cholakwikacho n'kuikapo mzere watsopano woganiziridwa bwino, pamene wophunzira amaunjika timizere pamwamba pa cholakwika poyembekezera kuti chikonzeka chokha.

Pofuna kuzolowetsa dzanja, wophunzira angatenge chinthu chimodzi cha pakhomo, kaya ndi bango kapena kapu, n'kudzilamula kuti achijambule ndi mizere yosapitirira 50, osafufuta ngakhale kamodzi, m'mphindi khumi. Zoyamba zidzaoneka zoseketsa. Akachita zimenezi tsiku ndi tsiku, amayamba kudzifunsa asanakhudze sikirini kuti mzere umenewu ukukachita chiyani.

Nkhaniyi ikukhudzanso maofesi a boma amene amalembetsa zithunzi za mauthenga a zaumoyo, ulimi ndi maphunziro. Chithunzi cholangiza anthu kusamba m'manja popewa kolera chimawerengedwa ndi munthu amene akudutsa, nthawi zambiri ali patali, choncho chimene chili ndi zigawo zochepa zomveka chimagwira ntchito kuposa chodzaza ndi tokongoletsa. Wolembetsa ntchito angachite bwino kupempha kaye kachithunzi kakang'ono ka mtundu wakuda ndi woyera, n'kukavomereza, wojambula asanathere masiku pa zinthu zomwe zingadzasinthidwe.

Chimodzimodzinso kwa amene amakonza maphunziro a luso la manja kwa achinyamata. Ndalama zambiri siziyenera kuthera pa zida zamtengo wapatali, popeza Krita ndi yaulere ndipo tabuleti yojambulira yotsika mtengo imamva kale kulemera kwa dzanja mokwanira kwa woyamba kumene. Gawo la ndalamazo likhoza kulipira wolemba zikwangwani wa pa Phalula kapena pa boma la Balaka kuti kwa sabata yoyamba aphunzitse achinyamatawo ndi choko, burashi ndi chitini chimodzi cha penti, makompyuta asanayatsidwe.