Tsiku Limodzi pa Nyika

Ife a ku Makokola, ozolowera kutentha kwa kunyanja, tinadzuka tikunjenjemera ku Chelinda, m'nkhalango ya Nyika. Madzi otawazira Swala ya Subuhi ankaluma zala!

Bambo wotiperekeza anatikweza galimoto, natidutsitsa m'mapiri a udzu wokhawokha, mamita oposa 2,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Tinaona mbidzi, nchefu ndi achilembwe; ana athu, odziwa chambo ndi mvuu basi, anangoti kukamwa yasa.

Masana, tikudya kamba wathu, bamboyo analoza chigwa china. "Agogo ankalima uko," anatero. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1965, koma poikuza mu 1978 boma linasamutsa midzi ya Aphoka. Tinawafunsa ngati amapitako kukaona manda. Anangoti, "Tiyeni, chifunga chikubwera."