Mafuta Ophikira Otha Ntchito: Pangani Sopo, Musawataye

Ngati mumakazinga tchipisi pa chiwaya ku Liwonde, Ntaja kapena Ulongwe, kapena mumagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pa msika wa Balaka, mukudziwa kuti mafuta ndi amene amadya mpamba. Nchifukwa chake ambiri amangothira mafuta atsopano pamwamba pa akale mpaka ade bii. Tsamba lino likufotokozerani nthawi yosiyira kuphikira mafutawo komanso momwe mungapezerenso phindu pa iwo.

Mafuta otha ntchito mungawadziwe bwanji?

Asiyeni akada, akayamba kunanda, akamachita thovu, akamafuka utsi chiwaya chisanatenthe kwenikweni kapena akamanunkha. Mafuta akatenthetsedwa mobwerezabwereza amawonongeka ndipo amatulutsa zinthu zoipa m'thupi. Vitamini A amene amathiridwa m'mafuta a m'sitolo nayenso amachepa. Musawagulitse kwa anzanu okazinga, ndipo musawapatse ana kuti akathire m'ndiwo kunyumba.

Kuwataya nakonso nkolakwa. Mukawathira mu ngalande, mvula imawakokolera ku mitsinje monga Rivirivi ndi Shire. Mafuta amayandama pamwamba pa madzi nkutchinga mpweya umene nsomba zimafuna.

Kodi ali ndi ntchito yanji?

Mafuta ochokera ku mbewu monga soya, mpendadzuwa, mtedza ndi thonje sathera m'poto mokha. Ku America, nyuzipepala zinayamba kusindikizidwa ndi inki ya mafuta a soya mu 1987. M'maiko ambiri makampani amatolera mafuta okazingira kale m'malesitilanti nkupangira dizilo. Izi zimafuna makina a fakitale. Chimene inu mungathe pakhomo ndi sopo wochapira.

Zofunika

• Mafuta osefa, kilogalamu imodzi (kuposa pang'ono lita imodzi)
• Caustic soda, magalamu 135
• Madzi ozizira, mamililita 350
• Sikelo, ndowa ziwiri za pulasitiki yolimba ndi mthiko umene simudzaphikiranso
• Katoni yoyalamo pepala la pulasitiki
• Magolovesi ndi magalasi otchinga maso

Dziwani kuti caustic soda si soda wophikira therere. Ndi mankhwala owotcha khungu ndipo angathe kuchititsa khungu akalowa m'maso.

Kapangidwe kake

1. Sefani mafuta ndi nsalu yoyera, kenaka asiyeni masiku awiri kuti zinyenyeswa zikhale pansi. Tsanulani a pamwamba okha.
2. Yezani zonse pa sikelo. Osangoyerekeza ndi maso: soda akachuluka sopo amawotcha manja, akachepa sopo sauma.
3. Muli panja, thirani soda pang'onopang'ono m'madzi uku mukutakasa. Musathire madzi mu soda, amathovokera kumaso. Madziwo atentha okha; dikirani mpaka akhale ofunda chabe.
4. Thirani madzi a sodawo m'mafuta ofunda pang'ono. Takasani osalekeza mpaka zilimbe ngati phala la mwana. Ndi mthiko zingatenge ola limodzi kapena kuposa.
5. Khuthulirani mu katoni, vindikirani, ndipo musiye tsiku limodzi kapena awiri.
6. Dulani migogo mutavala magolovesi. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata 4 mpaka 6 musanachapire kapena kugulitsa.

Chenjerani ndi izi

• Musagwiritse ntchito poto kapena sefuliya ya aluminiyamu. Soda amaidya ndipo pamatuluka mpweya woyaka moto.
• Soda amaoneka ngati mchere kapena shuga. Musungeni m'chigubu chotseka, cholembedwa, pamalo pamene ana safikapo. Madzi a soda musawaike m'botolo la zakumwa.
• Akakudontherani pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15 ndipo pitani kuchipatala. Munthu akamumwa, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala.
• Musasakanize mafutawa ndi oyilo wa galimoto kapena wa chigayo.
• Mafuta okazingira nsomba asungeni paokha chifukwa fungo limatsalira mu sopo.
• Sopo ameneyu ndi wochapira zovala ndi kutsukira mbale, osati wosambitsira ana.

Yambani pagulu

Munthu mmodzi sangadzaze chigubu msanga. Gwirizanani okazinga a msika umodzi, kapena a m'gulu lanu la banki m'khonde, kuti muzisonkha mafuta malo amodzi ndi kugulira limodzi soda ndi sikelo. Lembani ndalama zonse zimene mwalowetsa kuti muone ngati mtengo wa mgogo ukubweza. Yambani ndi kilogalamu imodzi. Sopoyo akatuluka bwino, onjezerani.

Tsiku loyamba musapange nokha. Itanani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kapena munthu amene anapangapo sopo kuti aone miyezo yanu.