Ku Ruarwe wakuba amadikira sitima

Amene munakwerapo Ilala kupita kumpoto mukudziwa kuti mukachoka pa Nkhata Bay ndi kudutsa Usisya, sitima imakaima patali ndi gombe, pamalo pamene mapiri amachita ngati akufuna kugwera m'nyanja. Pamenepo ndiye pa Ruarwe. Anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, katundu pamutu, madzi m'mawondo. Galimoto sifikako. Ukafuna kuchoka ndi sitima, boti la injini, kapena miyendo yako m'tinjira ta m'mapiri.

Ine ntchito yanga ndi ya usipa. Ndimapikula kunyanja n'kukagulitsa m'tauni. Ku Ruarwe ndinapita chifukwa anzanga anandiuza kuti opikula safikako ambiri, ndiye mtengo umakhalako bwino. Za mtengozo tidzakamba tsiku lina. Lero ndikufuna ndikuuzeni zimene ndinaona usiku wachitatu ndili kumeneko.

Tinadzidzimuka ndi mfuu: “Munkhungu! Munkhungu!” Ngakhale amene sadziwa Chitumbuka akanamva kuti agwira wakuba. Pofika kugombe tinapeza mnyamata, mwina wa zaka 19, atamangidwa kumtengo ndi chingwe cha ukonde. Anamupeza ndi batire la nyali zophera usipa ndi chigubu cha petulo, zonse za msodzi wina. Mlomo unali utatupa kale. Ena anali ndi nkhafi m'manja, ndipo sizinali zopalasira bwato.

Ine, munthu wa m'tauni, ndinatsegula pakamwa. “Abale, musamumenye. Imbirani apolisi.”

Anthu anaseka. Mdala wina wa imvi anandiyang'ana ngati mwana amene wafunsa ngati nyanja imauma. “Adada,” anatero m'Chichewa chake cholemera, “apolisi anuwo abwera pa chiyani? Pamsana pa ng'ona?”

Mawa lake mdala uja anandikhazika pansi pa thandala n'kundiwerengera masamu. Kuti wakuba akafike m'manja mwa boma, pafunika boti. Boti lifuna petulo, ndipo petuloyo agula ndi mwini katundu wobedwa. Pafunika amuna awiri omuperekeza kuti asalumphire m'madzi, ndipo amunawo adya. Ngati kuli mwera, boti silinyamuka. Mukati mudikire Ilala, ndiye kuti mnyamatayo mumusunga ndi kumudyetsa masiku, chifukwa sitima ikakhala ili bwino imadutsa kamodzi pa mlungu popita kumpoto, kamodzi pobwerera. Mlandu ukalowa m'khoti, mwini wake ndi mboni zake anyamukanso ulendo, n'kukamva kuti mlandu wasinthidwa tsiku. Ndipo paja usipa amaupha mwezi ukakhala ku mdima. Msodzi amene akuthera masiku amenewo pa benchi ya khoti, ana ake agona ndi njala.

“Kenako,” anamaliza mdalayo, “pakatha mlungu mukumana naye wakubayo akutsika m'boti, akuti watuluka pa belo. Ndiye tinavutikiranji?”

Apa ndi pamene pagona gawo lina la nkhaniyi. Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 42, amati munthu akamangidwa aonekere pamaso pa khoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wotulutsidwa pa belo ngati palibe chifukwa chomveka chomusungira. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo sikutanthauza kuti mlandu watha. Koma ndani anakhala pansi ndi msodzi wa ku Ruarwe kumuuza zimenezi? Iye amangoona munthu amene anamumanga ndi manja ake akuyenda momasuka, ndiye amati basi, bwana wadya. Nthawi zina amakhala akulakwitsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zina amakhala akulondola, ndipo kuchokera pagombe sungasiyanitse.

Komatu musaganize kuti mantha ndi chikayiko cha anthu a m'mbali mwa nyanja pa munthu wa yunifolomu zinayamba ndi mtengo wa petulo. Boma la Nkhata Bay lili ndi mabala akale. Pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza za chipwirikiti, anthu a chipani cha Congress amene anagwidwa anawatsekera m'sitima ya Mpasa pa doko la Nkhata Bay. Abale awo anasonkhana kufuna kuti atulutsidwe, ndipo anawomberedwa. Kafukufuku wa Devlin anawerenga anthu 20 ophedwa pamalopo, eni ake a ku Nkhata Bay amati anaposa 30. Amene anawomba anali asilikali, koma kwa munthu wamba yunifolomu ndi yunifolomu. Lipoti lomwelo la Devlin linanena kuti Nyasaland panthawiyo inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi mphamvu za apolisi.

Ufulu utabwera mu 1964 tinayesa kuti zatha. Ayi ndithu. Kunabwera a Special Branch, kunabwera apayoniya ndi ayufi oima pa chipata cha msika kufunsa khadi ya chipani. Mwana wa ku Nkhata Bay, Orton Chirwa, amene anayambitsa nawo Malawi Congress Party, anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu 1981 ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Aleke Banda wa ku Tukombo anakhala m'ndende kuyambira 1980 mpaka 1992 popanda kuzengedwa mlandu. Ngati akuluakulu otere ankatengedwa ngati nkhuku, nanga msodzi? Makolo athu anaphunzira kuti ukaona Land Rover, ulowe m'tchire. Phunziro lotere silichoka m'magazi chifukwa choti anthu avota.

Kunena zoona, matipate atabwera panayesedwa zina. Apayoniya analandidwa zida ndi asilikali mu Disembala 1993. Mu 1997 kunayamba ndondomeko yoti apolisi azigwira ntchito pamodzi ndi anthu m'midzi ndi m'makwalala, imene inabala makomiti a chitetezo cha m'mudzi ndi anebahudu amene timawasonkhera ndalama m'matauni muno. Dzina linasintha kuchoka ku Police Force kukhala Police Service, kusonyeza kuti wapolisi ndi wotumikira. M'mapolisi munatsegulidwa zipinda zothandizira amai ndi ana ochitidwa nkhanza. Zimenezi si zabodza, ndipo pali anthu amene anathandizika nazo.

Koma chikhulupiriro chili ngati mphika wadothi: kuumba mwezi, kuswa kamphindi. Pa 20 Julaye 2011 anthu anatuluka kukachita zionetsero, ndipo pa masiku awiri anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, tauni imene anthu a ku Usisya ndi Ruarwe amagulitsako nsomba ndi kutumizako ana kusukulu. Manda awo ali ku Zolozolo. Inu ophunzira mukumbukira dzina la Robert Chasowa, mnzanu wa pa Polytechnic amene anapezeka atafa mu Seputembala chaka chomwecho. Apolisi anathamangira kunena kuti anadzipha, koma komiti yofufuza mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Mu Okutobala 2019 kwa Msundwe gulu la anthu linapha wapolisi, Usumani Imedi, pomugenda ndi miyala. Zimene zinatsatira n'zochititsa manyazi: amai ndi atsikana a kwa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anagwiriridwa, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti amai 18 alipidwe chipepeso. Nkhani ya kwa Msundwe imandiwawa mbali zonse. Imedi anali ndi banja. Amai ajanso sanagende munthu.

Wailesi imafika ku Ruarwe, abale. Mafoni aliko. Zimene wapolisi wachita ku Lilongwe zimakambidwa pa thandala la usipa mawa lake.

Tsono ndibwere kwa ife a bizinesi, chifukwa pa nkhani imeneyi manja athu si oyera. Ndani mwa ife sanapindepo kandalama m'dzanja pa lodibuloko? Ine ndinapindapo, kangapo. Tsiku lina pa msewu wina, sinditchula, bwana anagogoda madengu anga n'kunena kuti atsitsidwe onse aone za m'kati. Dzuwa linali likulowa, minibasi yodzaza, anthu akundiyang'ana ngati ndine ndawachedwetsa. Usipa wouma ukautsitsa ndi kuukweza kawiri umasanduka ufa. Ndinadziwa chimene chimafunika, iyenso anadziwa kuti ndadziwa. “Ya fanta, bwana.” Madengu sanatsikenso. Usiku womwewo ndinali pa gulu ndikutukwana apolisi kuti ndi akatangale, ngati kuti dzanja lopereka linali la munthu wina.

Pali mnzathu mmodzi amene anakana kuwerama. Mayeso Gwanda, venda wa ku Blantyre, anagwidwa mu Malichi 2015 m'bandakucha akupita kukagulitsa majumbo, pa mlandu uja wa vakabu. M'malo mopereka ya fanta anapita nayo nkhani ku khoti lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza ananena kuti ndime ya lamulo imene anamugwirira ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Venda wa majumbo anagwetsa lamulo la atsamunda. Ambirife sitidziwa n'komwe, ndipo chifukwa chosadziwa timalipirabe.

Sindikuti apolisi onse ndi amodzi. Ndinaonapo wapolisi wachinyamata akulanditsa wakuba pakati pa gulu lolusa mumsika, iye yekha, wopanda mfuti, malaya atang'ambika. Pitaninso mukaone nyumba zimene ena mwa iwo amagonamo kumalaini. Munthu amene waikidwa kuyang'anira midzi yambirimbiri alibe galimoto, alibe boti, nthawi zina alibe ndi pepala lolembapo sitetimenti, akauza wodandaula kuti “pezani transipoti”, wodandaulayo amamva ngati akupemphedwa chiphuphu. Boma likalephera kugula petulo, amene amadedwa ndi konsitebo.

Tibwerere kwa mnyamata uja. Mlandu wake unathera pa bwalo la amfumu. Batire linabwezedwa, petulo anali asanagulitse, amalume ake analonjeza mbuzi. Mwini katundu anavomera, amvekere fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pofika masana aliyense anali pa ntchito yake. Ndinachita kusirira: palibe petulo wawonongeka, palibe tsiku la khoti, palibe wadya.

Koma madzulo ake mai amene ankatiphikira anandizimitsa chisangalalo. Anandifunsa kuti, “Inu achimwene mukuti bwalo ndi labwino. Nanga akakhala mwana wamkazi wa zaka 13 amene wawonongedwa ndi mwini maboti? Mbuzinso?” Sanatchule dzina la munthu, ndipo ine sindinafunse. Anangoti nkhani zotere zimathera m'nyumba, chifukwa wolakwayo ndi amene amalemba ntchito abambo ake a mwanayo, ndi amene ali ndi boti loti likanapita kukanena. Mfumu ikhoza kuweruza batire. Milandu ya kugwiririra, ya magazi, ya kupha, lamulo silinaipereke kwa mfumu, ndipo mpake. Pamenepo ndi pamene kutalika kwa boma kumaluma, ndipo amene amalumidwa ndi amene alibe mawu pa bwalo: mwana, mkazi, mlendo, nkhalamba imene yalozedwa chala kuti ndi mfiti.

Ndiye ndikamamva akuluakulu a polisi pa wailesi akupempha anthu kuti asatengere lamulo m'manja mwawo, ndimavomereza, koma ndimafunsa kuti aliika m'manja mwa yani? Ilala yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Imanyamula matumba a ufa, malata, njinga, odwala. Ingalephere kunyamula wapolisi mmodzi wamkazi ndi mmodzi wamwamuna, ndi buku lawo, kuti pa tsiku lodziwika atsike pa Ruarwe, akhale pansi pa mtengo, amve madandaulo, afotokoze za belo, abwerere ndi sitima yomweyo ikamachokera ku Chilumba? Majisitireti sangakhale kamodzi pa miyezi ingapo pa sukulu ya m'mudzi m'malo moti mboni zisanu ziwoloke nyanja? Asodzi ali kale ndi makomiti awo a m'magombe oyang'anira za nsomba. Anthu olongosoka alipo, chimene chikusowa ndi munthu wa boma amene amudziwa nkhope ndi dzina, amene anabwerapo tsiku lopanda mlandu.

Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo a anthu pa apolisi. Panatha zaka pafupifupi khumi lisanayambe ntchito. Ndinafunsa anthu angapo pagombe paja ngati analimvapo. Mmodzi anandifunsa ngati limagawa maneti.

Tsiku lochoka tinakwera boti la injini m'mamawa kusanayambe mphepo. Amene anandinyamulira madengu kulowa nawo m'madzi anali mnyamata yemwe uja, mlomo usanaphwe bwino. Mdala wa imvi anali pomwepo akusoka ukonde. Ndinamufunsa ngati sakuopa kuti adzabanso.

“Akadzabanso tidzamumanganso,” anatero osadzutsa mutu. “Koma tsiku limenelo mwina ine kudzakhala kulibe, ndipo anyamata a nkhafi aja samva za munthu.”