Mawu a Zamankhwala: Mlingo, Dozi ndi Kusamva Mankhwala

Liwu loti "mankhwala" lili ndi matanthauzo ambiri m'Chichewa. Limatchula mapiritsi a kuchipatala, mizu ya sing'anga, chiphe cha makoswe, ngakhalenso zopopera m'munda wa thonje. M'Chiyao, chiyankhulo cha anthu ambiri m'boma la Machinga, liwu loti "mtela" limatanthauza mtengo komanso mankhwala. Popeza liwuli ndi lotambasuka chotere, mlembi ayenera kusamala ndi mawu amene akutsagana nalo. Zitsanzo zili m'munsizi zachokera pa mankhwala a malungo, amene amaperekedwa tsiku ndi tsiku m'zipatala za ku Liwonde ndi ku Balaka.

1. Mlingo ndi dozi

"Mlingo" ndi kuchuluka kwa mankhwala amene wodwala amamwa pa nthawi imodzi. Mlingo wa LA umatengera kulemera kwa thupi: munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4, pamene mwana amamwa ocheperapo. Mankhwalawa amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndiye kuti milingo 6, kapena mapiritsi 24 kwa wamkulu.

Liwu lobwereka loti "dozi" limasokoneza. Kwa dokotala limatanthauza mlingo umodzi, koma wodwala akati "ndamaliza dozi" amatanthauza mankhwala onse amene anapatsidwa. Chiganizo choti "imwani dozi imodzi" chingathe kumveka paŵiri, ndipo wina angamwe mapiritsi onse nthawi imodzi. Nkoyenera tsono kulemba "mlingo" ponena za kumwa kamodzi, ndi "mankhwala onse a masiku 3" ponena za milingo yonse pamodzi.

2. Kusamva mankhwala

Anthu amakonda kunena kuti "thupi lazolowera mankhwala" pamene malungo akukana kutha. Kunena kotere kumaloza polakwika. Chimene chimaleka kumva mankhwala si thupi la wodwala ayi, koma tizirombo toyambitsa malungo. Mankhwala akapha tizirombo tofooka, timene tapirira timatsala ndi kuswana, kenaka udzudzu umatifalitsa kwa anthu ena. Kusiyira mankhwala panjira kumathandizira zimenezi.

Mbiri ya dziko lino ikuchitira umboni mfundoyi. M'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba SP, imene ambiri amaitchula Fansidar, chifukwa tizirombo tinali titaleka kumva chloroquine. SP nayo inafooka, ndipo mu 2007 LA inalowa m'malo mwake. Komatu kafukufuku wa ku Blantyre, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2006, anapeza kuti chloroquine inali itayambanso kuchiza malungo patapita zaka zoposa 10 isakugwiritsidwa ntchito. Chimene chinasintha m'zaka zimenezo si matupi a anthu, koma mtundu wa tizirombo timene tinachuluka.

Motero mawu oyenera ndi "tizirombo tosamva mankhwala" kapena "malungo osamva mankhwala". Mawu oti "kuzolowera mankhwala" asungidwire tanthauzo lina: pamene thupi lenilenilo likufuna mlingo wokulirapo kuti mankhwala agwire ntchito, monga zimachitikira ndi mankhwala ena amphamvu opha ululu.

Alembi, akonzi ndi aphunzitsi akupemphedwa kusiyanitsa mawu ameneŵa m'mabuku, m'nyuzipepala ndi m'kalasi, pakuti mayi amene akumwetsa mwana wake mankhwala kumudzi amatsata zimene waŵerenga kapena kumva.