Mutu 9: Kufufuza vuto la NAT pa firewall ya pasukulu

M'mutu wapitawu tidaona kuti kompyuta iliyonse ya pa netiweki imakhala ndi keyala yake ya manambala. M'mutu uno tiona zimene zimachitikira keyalayo uthenga ukamatuluka pasukulu kupita pa intaneti, ndiponso momwe mungapezere pamene pavuta. Ambiri mwa inu mudangopatsidwa makiyi a chipinda cha makompyuta popanda kufunsidwa ngati ntchitoyi mumaidziwa. Ena mukukonzekera mayeso a CCNA a kampani ya Cisco kapena a Network+ a CompTIA, ndipo nkhani ya NAT imapezeka m'mayeso onse awiri. Werengani muli ndi kope ndi pensulo pafupi.

Bokosi limodzi, mudzi wonse

Tiyambire pa zimene mukudziwa kale, monga timachitira pophunzitsa akulu kuwerenga. Kumudzi kwathu mabanja ambiri analibe bokosi ku positi ofesi. Makalata a mudzi wonse ankadzera pa bokosi la sukulu kapena la mpingo. Munthu wolemba kalata ali ku Joni ankangodziwa keyala imodzi yokhayo, ndipo aphunzitsi aakulu ndiwo ankadziwa khomo limene kalatayo ikupita.

NAT imagwira ntchito chimodzimodzi. Makeyala a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo akatswiri adaoneratu kuti sadzakwanira. M'chaka cha 1994 Kjeld Egevang ndi Paul Francis adafotokoza njira ya NAT m'chikalata cha RFC 1631. Mu 1996 chikalata cha RFC 1918 chidapatula magulu atatu a makeyala oti azigwiritsidwa ntchito m'kati mokha: oyamba ndi 10, oyambira 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Magulu atatuwa muwaloweze pamtima, chifukwa olemba mayeso amakonda kuika 172.32 kuti aone ngati muli maso. Pa 3 February 2011 bungwe la IANA lidagawa makeyala ake omaliza kwa mabungwe asanu a zigawo za dziko lapansi, ndipo la kuno ku Africa ndi AFRINIC, limene likulu lake lili ku Mauritius.

Tsono kompyuta ya pasukulu ya keyala 192.168.1.20 ikatumiza uthenga, firewall imachotsa keyalayo n'kuikapo yake yakunja, tinene kuti 203.0.113.5. Kenaka imalemba m'kaundula wake kuti uthenga wotuluka pa port yakuti ndi wa kompyuta yakuti. Port ndi nambala imene imasiyanitsa kukambirana kwina ndi kunzake. Yankho likabwera, firewall imayang'ana m'kaundulamo n'kulipereka kwa mwini wake. Apa fanizo lathu lija likusiyana pang'ono ndi zenizeni. Firewall ili ngati mphunzitsi wamkulu wachilendo amene sadziwa aliyense m'mudzi. Amadziwa okhawo amene atumiza kalata kudzera mwa iye, ndipo kalata yobwera popanda woiyembekezera amaitaya.

Zimene zidachitika kufupi ndi Kommetjie

Kommetjie ndi kamudzi ka m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, kummwera kwa Cape Town. Msewu wochokera ku Fish Hoek umadutsa Masiphumelele, kumene kumakhala Amalawi ambiri, ndi Ocean View usanafike kumeneko. Sukulu zambiri za m'chigawo cha Western Cape zidalandira zipinda za makompyuta kudzera m'ntchito ya Khanya, imene dipatimenti ya maphunziro ya chigawochi idayamba mu 2001, kotero aphunzitsi a kumeneko adayamba kalekale kulimbana ndi zinthu zimenezi.

Mu 2023, chaka chimene magetsi ankazimazima kwambiri m'dziko la South Africa, ndinkaphunzitsa kalasi ya madzulo ya akulu pasukulu ina ya m'dera limeneli. Inali nyengo yolembetsa ana malo a Grade 1 ndi Grade 8, zimene m'chigawochi zimachitika pa intaneti, ndipo tsiku lotsekera linali pafupi. Amayi angapo adachoka msanga kumaganyu awo kuti tiwathandize kudzaza mafomu. Magetsi atayaka, makompyuta a m'chipinda chakale ankatsegula intaneti bwinobwino, koma a m'chipinda chatsopano, momwe tinali ife, zii. Mphunzitsi wosunga makiyi adazimitsa ndi kuyatsa zonse kawiri, nasintha nthambo, kenaka n'kumati mwina kampani ya intaneti yatidula. Koma kampani ingadule bwanji chipinda chimodzi n'kusiya chinzake, pomwe zonse zimatulukira pa keyala imodzi?

Musayambe ndi kuimba mlandu NAT

Chimene tidachita, ndipo ndicho ndikufuna mutolepo, ndi kuutsata uthengawo kuchokera pa kompyuta mpaka kunja, khomo ndi khomo, osadumpha. Zinthu zitatu zimene ophunzira amazisokoneza ndi izi: njira yopitira, chilolezo chodutsira, ndi kusintha kwa keyala. Chilichonse mwa zitatuzi chikasowa, wogwiritsa ntchito amaona chinthu chimodzi chokha, chakuti tsamba silikutseguka.

Yambani pa kompyuta. Lembani ipconfig ngati ndi Windows, kapena ip addr ngati ndi Linux. Mukaona keyala yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti kompyutayo sidalandire keyala kuchokera ku DHCP, ndipo NAT ilibe mlandu. Keyala ikakhala bwino, chitani ping ku gateway, ndiko kuti khomo lam'kati la firewall. Ikayankha, chitani ping 8.8.8.8, keyala ya seva ya Google. Ngati nambalayi ikuyankha koma maina a masamba sakutseguka, vuto ndi DNS. Ngati siikuyankha, pitani pa firewall yeniyeniyo mukachite ping yomweyo. Firewall ikamafika kunja yokha pomwe makompyuta a kumbuyo kwake sakufika, pamenepo ndiye mwapeza chifukwa chokayikira NAT kapena malamulo a chilolezo. Ife tidafika apa patangotha mphindi zochepa.

Tsegulani kaundula

Pa router ya Cisco, imene mayeso a CCNA amagwiritsa ntchito, kaundula uja amaoneka mukalemba show ip nat translations. Muona mizere yokhala ndi mitu inayi. Inside local ndi keyala yeniyeni ya kompyuta yanu, inside global ndi keyala imene anthu akunja amaiona m'malo mwake. Outside global ndi keyala yeniyeni ya seva yakunja, outside local ndi momwe sevayo imaonekera kwa inu muli m'kati, ndipo nthawi zambiri ziwirizi zimafanana. Mainawa ndi ozunguza mutu, sindikana. Ine ndimauza ophunzira kuti liwu loyamba limanena kumene chipangizo chili, lachiwiri limanena kumene wochiyang'ana waima.

M'kaundula wathu munali mizere yambiri yoyamba ndi 192.168.1, koma munalibe ngakhale umodzi woyamba ndi 192.168.2, gulu la chipinda chatsopano. Ndiye kuti firewall sinkawasinthira keyala makompyuta amenewa. Uthenga wawo unkatuluka ndi keyala yam'kati, imene pa intaneti palibe angaibwezere yankho. Titayang'ana access-list, mndandanda umene umauza NAT oyenera kusinthiridwa keyala, tidapezamo mzere umodzi wokha: access-list 1 permit 192.168.1.0 0.0.0.255. Amene adalumikiza chipinda chatsopano adaonjezadi mzere wachiwiri, koma sadausunge. Zimene mwalemba pa router zimakhala m'chikumbumtima chosakhalitsa kufikira mutalamula kuti copy running-config startup-config. Batire yothandizira itatha mphamvu, mzere uja udapita ndi magetsi. Tidaubwezera, n'kusunga, ndipo amayi aja adamaliza mafomu awo usiku womwewo.

Kaundula akakhala wopanda kanthu konse, yang'anani makomo. Khomo loyang'ana kusukulu liyenera kulembedwa ip nat inside, loyang'ana kunja ip nat outside. Kuiwala limodzi, kapena kuwasemphanitsa, ndi msampha wodziwika wa m'mayeso. Wina ndi wa mask: mu access-list timalemba 0.0.0.255, osati 255.255.255.0 monga tidazolowera poika keyala pa kompyuta. Wachitatu ndi liwu lakuti overload. Mukakhala ndi pool ya keyala imodzi yakunja n'kuiwala liwuli, kompyuta yoyamba kutuluka imatenga keyalayo yokha, zinzake zonse n'kumadikira. Ana akamadandaula kuti intaneti ikugwira kwa mmodzi yekha, kumbukirani zimenezi. Ndipo mukasintha malamulo, lembani clear ip nat translation * kuti mizere yakale ifafanizike, apo ayi mudzayesa kuti kukonza kwanu sikudagwire.

Pa firewall ya Linux mawu ndi ena koma mafunso ndi omwewo: kodi ip_forward ili pa 1, ndipo kodi lamulo la MASQUERADE likutchula khomo lakunja lolondola?

Uthenga wochokera kunja

Tsiku lina aphunzitsi aakulu adzakupemphani kuti seva ya pasukulu izipezeka ali kunyumba. Kumbukirani mphunzitsi wachilendo uja, amene amataya kalata yosayembekezereka. Muyenera kulemba mzere wokhazikika m'kaundula, wakuti chilichonse chofika pa 203.0.113.5 port 443 chipite ku 192.168.1.10. Koma mzerewu pawokha sutsegula khomo. Pafunikanso lamulo la chilolezo, ndipo apa pamagwa anthu ambiri, chifukwa zipangizo sizigwirizana pa keyala yoyenera kulembedwa m'lamulomo. Router ya Cisco imayang'ana lamulo la pakhomo lakunja isanasinthe keyala, choncho mumalemba yakunja. Firewall ya Cisco ASA, kuyambira pulogalamu ya 8.3 imene idatuluka mu 2010, imafuna keyala yeniyeni yam'kati. Mabuku akale a mayeso amene mungabwereke kwa anzanu angakusocheretseni pamfundo imeneyi. Musaiwalenso gateway ya seva: ikakhala yolakwika, uthenga umafika koma yankho silibwerera.

Pali vuto limodzi limene simungalithetse nokha ngakhale mutalemba zonse molondola. Yang'anani keyala ya khomo lakunja la firewall yanu. Ngati ili pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, gulu limene lidapatulidwa mu 2012 ndi chikalata cha RFC 6598, ndiye kuti kampani yokupatsani intaneti nayonso ikuchita NAT pamwamba pa yanu. Zimenezi n'zofala pa intaneti ya mafoni. Bokosi la sukulu yanu lili m'kati mwa bokosi lina, ndipo kaundula wa bokosi lalikululo simumufikira. Chotsalira ndi kupempha kampaniyo keyala yakunja yanuyanu, imene kawirikawiri imakhala yolipira, kapena kufunsa ngati ikupereka IPv6.

Poyesa ngati seva ikupezeka, musayesere m'kati mwa sukulu pogwiritsa ntchito keyala yakunja. Firewall zambiri sizibweza uthenga wotere pokhapokha zitauzidwa kutero. Zimitsani Wi-Fi pa foni yanu muyesere pa data.

Ntchito 9.1

Pitani m'chipinda cha makompyuta cha pasukulu panu, kapena gwiritsani ntchito pulogalamu ya Packet Tracer ngati mulibe zipangizo. Lembani m'kope keyala ya kompyuta imodzi, ya gateway yake, ndi ya khomo lakunja la firewall. Kenaka tsegulani tsamba la pa intaneti limene limakuuzani keyala imene dziko likukuonerani. Kodi ikufanana ndi ya khomo lakunja ija? Fotokozani yankho lanu m'ziganizo zisanu za Chichewa zoti kholo losadziwa za makompyuta lingamve, ndipo mutumize pamodzi ndi ntchito yanu ya mwezi uno.